Zinthu Khumi za M'kope Langa

Mphunzitsi aliyense amadziwa kukoma kwa cholembera chofiira. Ukakhala pa tebulo madzulo, makope a ana ataunjikana patsogolo pako, dzanja limayenda lokha: apa wakhoza, apa walakwa, apa abwereze. Ine ndinagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 30, ndipo pamene tsiku langa lopuma linakwana m'chaka cha 2022, ndinabwerera kumudzi kwathu kuno m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi katundu wochepa, mabuku ambiri, ndi zolembera zofiira zitatu zimene zinalibenso chochonga. Nkhani ya lero ndi ya kope limodzi limene ndakhala ndikudzichongamo ndekha kuchokera nthawi imeneyo. Ndikuilembera makamaka inu aphunzitsi anzanga amene tsiku lanu likuyandikira, ndi inu achinyamata amene mwangolemba kumene mayeso a Fomu 4, amene tsopano mukudzuka m'mawa popanda belu lokuitanani.

Pakuti vuto lathu ndi limodzi. Munthu amene wakhala akuyendera belu moyo wake wonse, akam'chotsera belulo amasanduka ngati mbuzi yoduka chingwe imene imangoimabe pa chikhomo pomwepo. Masabata oyamba ndinkadzuka 5 koloko, kusamba, kuvala malaya osita, ndi kukhala pakhonde kuyang'ana ana a eni ake akupita ku sukulu. Ndalama zanga za penshoni zinachedwa miyezi yambiri, ndipo ulendo uliwonse wopita ku ofesi yoona za ndalamazo unkatha ndi mawu akuti mubwere mwezi wamawa. Tsono tsiku lina m'nyengo yachisanu, chiperoni chitatsekera aliyense m'nyumba, ndinatenga kope latsopano ndi kulemba pa tsamba loyamba zinthu khumi zimene ndinafuna kuchita ndi manja anga kapena ndi miyendo yanga mphamvu zisanathe.

Zitatu zoyamba zinali za kukhitchini: kuphika chigumu, kuphika buledi wa yisiti, ndi kupangira mdzukulu wanga keke. Zotsatira zinali kuluka lichero ndi kusoka mphasa. Kenaka panabwera zodziyesa mphamvu, ndizo kusambira, kuzungulira phiri lonse pa njinga, ndi kukwera nsonga ya Sapitwa imene ndakhala ndikuphunzitsa ana kutalika kwake koma osapondapo. Pansi penipeni, pa nambala 9 ndi nambala 10, ndinalemba kuumba dothi ndi kulankhula Chilomwe, chinenero cha makolo anga chimene ine, monga anzanga ambiri a mbadwo wanga kuno, ndimangochimva patalipatali. Ziwiri zimenezi ndinaziika kumapeto mwadala, chifukwa mphunzitsi wake anali pafupi: amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi anga, amene nyumba yawo imaoneka ndikaima pa chulu cha kuseri kwa khola. Ndinati za pafupi sizithawa.

Nzeru yolemba mndandanda si yanga ayi. Ndili ku sukulu ya uphunzitsi ndinawerenga mbiri ya Benjamin Franklin wa ku America, amene anabadwa mu 1706. Iye ali mnyamata analemba makhalidwe 13 amene anafuna kukhala nawo, nakonza kabuku kokhala ndi mizere ya masiku a sabata, ndipo madzulo ankaika kadontho pa khalidwe limene walephera tsiku limenelo. Anavomera yekha kuti limene linam'sautsa koposa linali la dongosolo, lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake ndi nthawi yake. Pa nthawi imeneyo ndinam'seka, poganiza kuti kwa mphunzitsi dongosolo ndi nsima ya tsiku ndi tsiku. Chotero ndinasanja zanga monga momwe timasanjira mafunso a mayeso, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindidzalumpha nambala, koma ndidzatsika nazo mmodzimmodzi kufikira kumapeto.

Tsiku limene ndinalowa m'khitchini amayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Bambo, zaka zonsezi simudziwa pokhala mthiko. Lero kwagwanji?" Ndinawaonetsa kope. Iwo anawerenga mpaka pansi, nabweza kopelo osanena kanthu za keke kapena za phiri, koma anangoti, "Za amayi zija mukanayamba nazo." Ndinayankha kuti zili ndi nambala yake.

Chigumu sichinandivute kwenikweni, chifukwa mwini khitchini anaima pambali panga. Ufa wa mgaiwa makapu atatu, nthochi zakupsa mpaka khungu kuda, shuga pang'ono, mchere, chambiko, ndi soda wosapitirira sipuni yaing'ono imodzi. Mphika umapakidwa mafuta, makala ochepa amakhala pansi, ochuluka pamwamba pa chivundikiro. Chimene ndinaonjezera ine ndi kumvetsa chifukwa chake basi. Soda payekha satupitsa bwino. Amafuna chinthu chowawasa monga chambiko, ndipo ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya umene umatukula ufawo. Soda akachuluka, wotsalayo amasandutsa chigumu chachikasu ndi kuchipatsa fungo la sopo. Pamene ndinayamba kufotokoza zimenezi mwaukatswiri, amayi a kunyumba anandiuza kuti ndichotse makala apansi chifukwa chigumu chayamba kununkha. Anali atamva ndi mphuno chimene ine ndikanachiona patapita mphindi khumi. Madzulo amenewo ndinachonga nambala 1 ndi mtima wosangalala ngati mwana.

Buledi ndiye anandichititsa manyazi, pakuti amayi a kunyumba sanam'phikepo, ndipo ine ndinakana kufunsa kunja. Pa ulendo woyamba ndinathira yisiti m'madzi otentha kuti ntchito ifulumire. Ine yemwe, amene ndinaphunzitsa ana zaka zambiri kuti yisiti ndi chamoyo! Amakondwa m'madzi ofunda ngati thupi la munthu, koma kutentha kukayandikira madigiri 60 amafa, ndipo ufa umene mwaukanda ndi yisiti wakufa mungaudikire mpaka mawa, sufufuma. Chimene chinatuluka m'moto chinali njerwa. Pa ulendo wachiwiri ndinasakaniza ufa wa chimanga wambiri pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndinapezanso njerwa, koma yofumbutuka. Ufa wa tirigu uli ndi ulimbo wake umene umanyundumuka mukaukanda, ndipo ulimbo umenewo ndiwo umagwira mpweya wa yisiti monga chubu cha njinga; ufa wa chimanga ulibe ulimbo wotere. N'chifukwa chake makolo athu anapatsa chimanga soda ndi nthochi, osati yisiti.

Nditaononga ufa wa masabata atatu ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula, ndipo ndinapita kwa mayi wina wogulitsa masikono pamsika wathu. Iye anandionetsa zimene mabuku anga sananene. Kukanda n'kosachepera mphindi khumi, kufikira ufa utasiya kumatirira m'manja. Ukafufuma koyamba umaufinya, kuuika m'chitini, ndi kuudikiranso kachiwiri. Uvuni wa njerwa umausonkhezera kufikira mwaye wa m'kati utayera, kenaka umakokera makala kunja ndi kuwaza ufa pang'ono pansi pake: ukada nthawi yomweyo, dikira, ukafiira pang'onopang'ono, lowetsa buledi. Wakupsa umam'dziwa pom'gogoda kumsana, amalira ngati ng'oma. Ndinam'lipira mayiyo pom'thandiza mwana wake masamu, ndipo ndikhulupirira kuti amene anapindula koposa pa malonda amenewo ndine.

Buledi ameneyu anadzatithandiza pambuyo pake. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza tirigu wochuluka amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, mtengo wa ufa unakwera kosaneneka. Apo ndinayesa njira imene alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa, yophika mbatata yofiira m'kati, kuikanya mpaka isalale, ndi kuiika m'malo mwa gawo limodzi la magawo atatu a ufa. Madzi ndi shuga zimachepetsedwa chifukwa mbatata imabwera nazo kale. Buledi wake amatuluka wofewa, wa maonekedwe a yolko ya dzira, ndipo ali ndi vitamini A. Kuyambira pamenepo timaphika kawiri pa sabata, ndipo ndalama ya sopo ndi mchere imachokera m'uvuni umenewo.

Za keke ndinena mwachidule. Inatitimira pakati chifukwa ndinavundukula msanga pofuna kuona. Mdzukulu wanga ndi anzake anaidya yonse osatsala nyenyeswa, ndipo ine ndinadzichonga, ngakhale kuti akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanam'lembera kuti abwereze.

Nambala 4 inandipeza mu Januwale 2023, mvula ili pakati. Popeza ndinalumbira kuti sindilumpha nambala, ndinatenga chikwanje ndi kukadula nsungwi zobiriwira bwino, zowala, zosiririka m'maso. Ndinazing'amba monga ndinkaonera anthu akuchita, ndi kuluka chinthu chimene patali chinkafanana ndi lichero. Patapita masabata ochepa nsungwizo zinafota, mipata inatseguka yoti nyemba n'kudutsa, ndipo pansi pake panayamba kugwa ufa wa tizilombo tofumbwitsa. Ndisanaganize chochita, mu Malichi munabwera namondwe wa Freddy. Za masiku amenewo sindilemba pano. Inu a ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre mukuzidziwa kuposa momwe cholembera chinganenere. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Kope langa linakhala pa alumali miyezi itatu, ndipo ndikaliona ndinkachita manyazi kuti munthu wamkulu analemba za keke.

Ndinalitsegulanso mu Juni, ndipo chimene chinandibwezeretsa chinali chakuti mabanja ambiri anali atataya ziwiya zawo, kotero kuti pamsika lichero linkasowa. Ndinafunsa za mmisiri wodziwa koposa m'dera lathu. Anandilozera ku mudzi wa tsidya la mtsinje, ndipo nditafika pabwalo pake ndinafuna kubwerera. Anali mwana wa m'kalasi mwanga wa zaka zambiri zapitazo, amene anabwereza Sitandade 8 kawiri nasiya. Ndinakumbukira bwino zimene ndinalemba pa lipoti lake lomaliza, zakuti masamu alibe nawo mutu ndipo sadzapita patali. Tsopano anali bambo wa ana anayi, nyumba yake ya malata, pabwalo pali malichero, madengu ndi mipando zoyembekezera ogula. Anadzuka, navula chipewa, nandipatsa mpando. "Aphunzitsi, mwatiyendera. Kwagwanji?" Mbewa ya manyazi inafera kuuna, chotero ndinatulutsa lichero langa lofumbwa m'thumba ndi kuliika pansi.

Sanaseke. Analitembenuza kawiri nandifunsa mwezi umene ndinadula nsungwizo. Kenaka ananditengera kuseri kumene kunali tsinde lake la nsungwi, nayamba phunziro. Nsungwi yowala ndi yanthete, ya chaka chimodzi, yodzala madzi ndi chakudya chimene tizilombo timafuna. Yoyenera ndi ya zaka zitatu kapena zinayi, yothimbirira, yokhala ndi mawanga a ndere, yolira mwamphamvu mukaigogoda ndi chikwanje. Nthawi yodula ndi chilimwe, osati dzinja. Imang'ambidwa pawiri, kenaka panayi, kenaka pasanu ndi patatu, ndipo chidutswa chilichonse chimagawidwanso kuti khungu lakunja, limene lili lolimba, lisiyane ndi mnofu wam'kati. Popala, mpeni suyenda ayi. Umauima pa bondo pamwamba pa chiguduli, ndipo imene imayenda ndi nsungwi, ukuikoka pansi pa mpeniwo. Masiku anayi athunthu sanandilole kuluka, koma kupala kokha, kufikira timizere tanga titafanana kukula ndi kuchindikala. Zala zanga, zimene zinazolowera choko, zinang'ambika paliponse.

Tsono pa kuluka penipeni m'pamene ndinaona chinthu chimene chimandisowetsabe mtendere. Lichero sililukidwa mwa umodzi pamwamba umodzi pansi. Kamzere kamalumpha itatu pamwamba, kulowa pansi pa itatu, ndipo mzere wotsatira umayamba posuntha ndi umodzi, kotero kuti pamatuluka mizere yopingasa yonga nthiti za nsomba. Pakati pa lichero, pamene mizere imeneyi imatembenuka kuti ipange diso, kuwerengako kumasintha, ndipo ukalakwa ndi umodzi cholakwacho chimaonekera patapita mizere khumi. Munthu uja ndinam'lembera kuti alibe mutu wa masamu ankachita zonsezi akucheza, maso ali kwina, ndipo ankadziwa poyang'ana mkombero kuti pafunika timizere tingati. Ine ndinkawerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, n'kumasokonezabe. Tsiku lina anayang'ana ntchito yanga ya m'mawa wonse, naloza ndi nsonga ya mpeni, nati, "Aphunzitsi, apa mwalakwa. Masulani, mubwereze." Ananena mofatsa, popanda mwano uliwonse. Ndinamasula.

Ndinafika pabwalo limenelo ndikumutchula kuti iwe, monga ndinkachitira m'kalasi. Pofika sabata yachiwiri ndinazindikira kuti pakamwa panga pakutuluka inu, ndipo sindinachite kukonzekera. Za lipoti lija ndinalankhula tsiku lomaliza, titamaliza kupanikiza lichero mu mkombero ndi kulisoka m'mphepete. Iye anati sakukumbukira mawu ake, akungokumbukira kuti bambo ake ataliwerenga anam'tumiza kwa amalume ake kukaphunzira nsungwi. Kaya ananena zoona kaya anangondichitira ulemu, ndinalandira monga anandipatsira.

Pano aphunzitsi anzanga mundilole ndipatuke pang'ono. M'masiku athu pa ndondomeko ya maphunziro panali nthawi ya ntchito zamanja, ndipo tonse tikudziwa chimene tinkachita nayo. Tinkauza ana kuti abwere ndi tsache kapena chipande Lachisanu, ambiri ankagula kapena kutenga cha agogo awo, ife n'kupereka malikisi, nthawi yeniyeniyo n'kuphunzitsa Chingerezi cha mayeso. Sindikunena kuti Chingerezi n'chachabe. Chinandidyetsa zaka zonse. Koma sitinaitanepo mmisiri wa m'mudzi kuti adzaime patsogolo pa kalasi, ndipo mwana amene nzeru zake zinali m'zala tinalibe mzere wom'lembapo. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira mu 1999 kuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, koma m'mitima ya ambiri a ife njira imeneyo ikadali ya amene alephera. Ine ndinaganiza chotero kufikira ndili ndi zaka zoposa 60.

Lichero langa loyamba amayi a kunyumba analiyesa ndi mphale, napeza kuti likutaya pa ngodya imodzi. Analipatsa ntchito yoyanikapo mfutso. Lachitatu ndilo analilandira, ndipo akupetera mpaka lero. Mphasa inanditengera masabata awiri okha, pakuti wodziwa kupala nsungwi bango silimuvuta, ndipo ntchito yaikulu ndi kulowetsa singano yaitali ndi chingwe cha khonje mizere yoongoka. Kusambira ndinakuyesa masiku atatu m'madzi ozizira otsika m'phiri, ndinamwa madzi okwanira, ndipo ndinakufafaniza ndi mzere umodzi popanda chisoni. Ulendo wa njinga wozungulira phiri, kudzera ku Phalombe, ku Chiringa ndi ku Muloza, ndinauyenda masiku atatu ndi mphwanga, ndipo chimene ndimakumbukira koposa ndi miyala ikuluikulu imene madzi a Freddy anaisiya pamene kale panali minda ndi nyumba.

Nthawi yonseyi amayi aang'ono ankandiona ndikudutsa ndi nsungwi, ndi bango, ndi njinga. Tsiku lina m'chilimwe cha 2024 anandiitana ali pa mkeka pakhonde pawo, akukulungiza kamphika. "Aphunzitsi," anatero, pakuti ankakonda kundinyogodola ndi dzina limeneli, "dothi lija mubwera liti? Mtapo umakumbidwa kusanagwe mvula, ndipo manja angawa ayamba kukana." Kuumba kwathu kuno ndi ntchito ya amayi, ndipo pamene ndinawapempha poyamba anaseka mpaka misozi, koma anavomera, nati dothi silifunsa kuti wandigwira ndani. Ndinawayankha kuti, "Amayi, kwatsala chimodzi chokha, cha phiri, ndikatsika ndibwera." Iwo ananena mawu ena m'Chilomwe amene sindinamve, naseka, napitiriza kukulungiza.

Phiri ndinalikwera mu Sepitembala. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo palibe nsonga ina m'dziko muno yom'posa. Tinanyamukira ku Likhubula m'mamawa, ine ndi wotsogolera njira, mnyamata amene anamaliza Fomu 4 nakhala zaka ziwiri akulemba makalata ofunsira ntchito asanayambe kuperekeza alendo m'phiri. Tinayenda tsiku lonse kukafika ku nyumba yogona alendo ya Chisepo, imene ili m'munsi mwa nsongayo. M'njira anandionetsa zitsa za mkungudza, mtengo umene unalengezedwa mu 1984 kuti ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo ine ndinkaulemba pa bolodi chaka ndi chaka osadziwa kuti ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu. Anandionetsanso mbande zimene akubzala m'malo mwake. Anandikumbutsa malangizo a akuluakulu, akuti m'phirimo munthu salankhula mwachipongwe, ndipo ukapeza chakudya chokonzedwa umadya wekha osaitana mnzako. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri limeneli pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha zikhulupiriro ndi miyambo yotereyi, imene ena a ife ophunzira tinkaiyesa nthano za ana.

M'mawa mwake tinayamba kukwera kusanache. Njira ya ku Sapitwa si njira kwenikweni, koma matanthwe otsetsereka amene umakwera ndi manja ndi miyendo, ndi mipata ya pansi pa miyala imene umakwawa ngati buluzi, ukutsata timadontho ta utoto. Titakwera maola atatu, mawondo akunjenjemera, mnyamatayo anaima nayang'ana kum'mawa. Ine ndinaona kamtambo chabe. Iye anati, "Bambo, tibwerere." Ndinakwiya ndithu. Ndinam'kumbutsa ndalama zimene ndinalipira, zaka zanga, ndi kuti mwayi wina sindidzaupezanso. Anamvetsera mwaulemu, nayankha kuti nkhungu ikatseka, timadontho tija sitioneka ndipo matanthwe amaterera, ndi kuti mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha anapezeka atafa m'dera lomwelo. Kenaka ananyamula chikwama changa nayamba kutsika. Tisanafike pa Chisepo nkhungu inali itatiphimba kotero kuti msana wake ndinkauona movutikira. Pa nambala 8 ndinalemba theka la malikisi, chinthu chimene sindinkalola ana kupempha.

Nditatsika ndinagona masabata awiri ndi mawondo otupa. Nditadzuka inali nthawi yososa ndi kugalauza, kenaka kuthamangira feteleza, kenaka mvula inagwa ndipo dzenje la mtapo linadzala madzi. Ndinauza amayi aang'ono kuti tidikire chilimwe. Pa Chilomwe panalibe chifukwa chodikirira nyengo, pakuti mawu sanyowa ndi mvula, koma chinali pa nambala 10, ndipo nambala 9 inali isanachongedwe. Madzulo angapo okha ndinakakhala nawo ndi kope, ndi kulemba mayina a ziwiya ndi a ziwalo za thupi, osadzaza ngakhale tsamba limodzi. Anayamba kudwala chifuwa chimanga chili m'mawondo, ndipo tinawaika m'manda chisanakhwime. Zengerezu analinda kwawukwawu. Mwambi umenewu ndinaufunsa pa mayeso kosawerengeka.

Titamaliza maliro, mdzukulu wawo anabwera kunyumba ndi kansalu komanga mfundo. M'kati munali nkhulungo yawo, kamwala kakuda kosalala kamene anagwiritsa ntchito kuyambira ali mtsikana, mbali imodzi yodyeka potsata chala chawo. Anati agogo ananena kuti mwala umenewu upite kwa aphunzitsi. Kuseri kwa nyumba yawo tinapezanso dothi la mtapo lokulunga m'mapepala a pulasitiki, lopondedwa kale, lokwana miphika itatu kapena inayi. Analikonza chilimwe chomwe chija ndinali m'phiri.

Chilimwe chotsatira ndinapita kwa gulu la amayi a m'mudzi woyandikana nawo amene amaumba mbaula za chitetezo, zija zimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Sanandifunse zambiri. Anandiphunzitsa kusankha timiyala m'dothi ndi zala, pakuti kamwala kamodzi kangaphulitse mbaula yonse m'moto, kuponda dothi mpaka lisiye kung'ambika mukalipinda, kulipanikiza m'chikombole, kuboola khomo la nkhuni dothi litayamba kulimba, ndi kuyanika pamthunzi, osati padzuwa, masabata atatu kapena kuposerapo lisanaone moto. Mbaula zanga ziwiri zoyamba, za dothi la gululo, zinang'ambika. Dothi la amayi aang'ono ndinalisunga kufikira mtsogoleri wa gululo atanena kuti manja anga ayamba kumva. Ndinalinyowetsanso, kuliponda, ndi kuumba nalo mbaula imodzi, imene ndinaikulungiza ndi nkhulungo yawo kufikira ikuwala. Inatuluka m'ng'anjo yosang'ambika, ndipo amayi a kunyumba amaphikirapo nyemba.

Mmodzi wa amayi a m'gulu limenelo, wachikulire kuposa onse, amalankhula Chilomwe. Tsiku lina ndinayesa kum'bwerezera mawu aja amayi aang'ono ananena pakhonde, monga momwe khutu langa linawagwirira. Anandiuza kuti ndinenenso, ndinanenanso, koma anapukusa mutu nati ndawaphwanya kwambiri, sangathe kuwalumikiza. Wandilola kuti ndizibwera Lachiwiri ndi Lachisanu masana, akamaliza ntchito ya dothi. Kope ndimapita nalo, ndipo tsopano tili pa tsamba lachinayi, pa mayina a mbewu.